Sikelo, thabwa ndi mphika wa phala: momwe ntchito ikuyendera pa sukulu yathu ya mmera mpoyamba

Okutobala, sabata yachiwiri

Ndayamba kulemba pano chifukwa kope lathu la chaka chatha linanyowa denga litadontha, masamba n'kumatirirana, zonse zomwe tinalembamo n'kupita. Chaka chino ndizilemba pawiri, m'kope ndi pafoni. Ndikuchitiranso alezi anzanga a m'maboma ena amene timafunsana nzeru, kuti aone pomwe tikukhoza ndi pomwe tikuphonya.

Ndine mmodzi mwa alezi atatu pa sukulu ya mmera mpoyamba kuno ku Zomba, cha kumunsi, njira yopita ku Nyanja ya Chilwa. Tonse ndife ongodzipereka. M'kaundula muli ana opitirira 40 a zaka zitatu mpaka zisanu, koma amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti ana amakwana tsiku lomwe aona utsi ukufuka kukhitchini.

Komiti ya makolo yavomereza kuti tiziyeza ana miyezi itatu iliyonse: kulemera, msinkhu ndi mkono. Tizionanso zomwe thupi la mwana likutha kuchita, monga kudumpha ndi kuthamanga, komanso tizilemba zomwe akudya kuno ndi kunyumba. Tagwirizana kuti maina a ana ndi manambala a mwana aliyense azikhala m'kope basi, pano ayi.

Chinatiyambitsa ndi mabuku a kusikelo. Tinapempha makolo kuti abwere nawo, ndipo titawatsegula tinapeza kuti ambiri ndi odzaza bwino mpaka mwana atamaliza katemera, kenako masamba oyera. Mwana akayamba kuyenda yekha, mng'ono wake n'kubadwa, sikelo imakhala ya wakhandayo. Wamkuluyu amangoyesedwa ndi maso.

Ndipo maso amanama. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, yemwe anachita a ofesi ya boma ya ziwerengero, National Statistical Office, amene likulu lawo lili ku Zomba konkuno, anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira, atatu owonda monyentchera, asanu onenepa mopitirira. Atatu owondawo aliyense amawaona. A 37 aja amasewera pabwalo ngati anzawo, palibe amene amawadabwa.

Okutobala, sabata yachinayi

Tayeza koyamba. Alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, amene ana amangowaitana kuti adokotala, anabwera pa njinga ndi sikelo yopachika, thabwa loyezera msinkhu ndi timalamba toyezera mkono. Sikelo tinaipachika pa nthambi ya mango. Ana a zaka zisanu anakana kulowa m'kabudula wa sikelo, ati ndi wa makanda, mpaka mlezi wathu wamkulu anayamba kuimba nyimbo n'kusandutsa nkhaniyo katungwe.

Pa thabwa ndi pomwe tinalakwitsa. Tsiku loyamba tinaliimika pansi posasalala bwino, ana ena tinawayeza atavala masilipasi, atsikana ena ali ndi zingongo pamutu. Alangizi atayezanso ana asanu omwe ine ndinali nditayeza kale, tinasiyana sentimita yathunthu pa ana atatu. Ndinaona ngati n'zazing'ono, koma anandionetsa pa tchati cha kakulidwe ka ana cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse: mnyamata wa zaka zitatu amakhala cha pa masentimita 96.1, akamakwana zaka zinayi 103.3. Ndiye kuti chaka chonse amakula masentimita asanu ndi awiri okha, pa miyezi itatu sakwanitsa ndi awiri omwe. Ukaphonya ndi sentimita imodzi wataya theka la zomwe ukufuna kuona.

Tinabwereza ana onse mawa lake, thabwa litatsamira khoma la tchalitchi pomwe pali simenti. Mwana aime wopanda nsapato, zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zikhudze thabwa, maso ayang'ane kutsogolo. Wina agwire mawondo, wina awerenge nambala mokweza, wolemba aibwereze asanalembe. Pamafunika anthu atatu, osachepera.

Vuto lina ndi tsiku lobadwa. Popanda ilo msinkhu sutanthauza kanthu, chifukwa masentimita 95 ndi abwino kwa mwana wa zaka zitatu koma ndi ochepa kwa wa zaka zinayi ndi theka. Ana ena akuleredwa ndi agogo ndipo mabuku anatayika pa madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinakhala nawo pansi agogowo n'kumawerengera limodzi: anabadwa mango atapsa kapena chimanga chili m'munda? Nthawi ya namondwe anali akuyenda kapena akukwawa? Pang'onopang'ono mwezi umapezeka.

Kalamba ka mkono, kamene alangizi amangokatchula kuti MUAC, ndi kosavuta. Umayeza dzanja lamanzere pakati pa phewa ndi chigongono. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kuyambira 11.5 kusafika 12.5 ndi pachikasu, kupitirira apo pobiriwira. Kamagwira ntchito kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Atiphunzitsanso kudina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala chachikulu, kuwerenga mpaka katatu, n'kuona ngati patsala dzenje.

Pa mkono pafupifupi onse ali pobiriwira. Pa msinkhu ndiye mtima wanga unatsika. Ana ochuluka kuposa momwe ndinkaganizira ali pansi pa mzere wa pa tchati wosonyeza kupinimbira, ena mwa iwo ndi omwe ndinkawatenga ngati athanzi kwambiri m'kalasi chifukwa cha masaya.

Novembala, sabata yoyamba

Ndalakwira mayi wina ndipo ndikufuna ndilembe kuti alezi anzanga musadzachite zomwezi. Pa msonkhano wa makolo ndinanena pagulu kuti mwana wawo ndi wopinimbira. Anaimirira, n'kumanga chitenje, nati: "Aphunzitsi, kwathu ndife afupi. Bambo ake ndi afupi, agogo ake afupi. Mwana wanga sagona ndi njala." Anachoka msonkhano usanathe, ndipo mwanayo sanabwere masiku atatu.

Ndinapita kwawo madzulo kukapepesa. Anali akusenda chinangwa, anandipatsa mphasa, tinacheza. Zoti sagona ndi njala n'zoona, nsima amadya kawiri pa tsiku. Ndinawafotokozera zomwe nanenso ndinangozimva posachedwa: matchati amenewa, omwe anatuluka mu 2006, anapangidwa poyeza ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo anapeza kuti ana oyamwa bwino, odya bwino, osadwaladwala amakula mofanana m'zaka zisanu zoyambirira, kaya ndi akuda kaya ndi azungu. Mtundu umakhalapo, inde, banja lina ndi lalifupi. Koma mudzi wonse sungakhale wa afupi chifukwa cha mtundu. Mnyamata wa zaka zinayi amatchedwa wopinimbira akakhala pansi pa masentimita 94.9, pomwe anzake ali cha pa 103.3. Kusiyanako ndi ngati kupingasa kwa chikhatho cha munthu wamkulu, n'chifukwa chake sitikuona.

Mayiwo sanavomere zonse, koma mwana wabweranso. Kuyambira pano zotsatira timauza kholo lililonse palokha, pansi pa mtengo, ndipo timayamba ndi zomwe zili bwino.

Novembala, sabata yachitatu

Masewero oyeza mphamvu. Tinatengera njira yomwe anaikonza ku Spain yoyezera ana a zaka zitatu mpaka zisanu, yotchedwa PREFIT, n'kusankhamo zitatu zosafuna zida: kudumpha kutsogolo ndi miyendo yonse iwiri kuchokera pa mzere, kuthamanga mamita 10 maulendo anayi, kupita ndi kubwerera kawiri, ndi kuima ndi mwendo umodzi. Mizere timajambula ndi phulusa, nthawi timawerenga pafoni, tepi tinabwereka kwa telala wa pamsika.

Ukamuuza mwana wa zaka zitatu kuti dumpha kutsogolo, amadumpha m'mwamba n'kugwera pomwepo. Titati tonse ndife achule tikuwoloka ngalande, aliyense anamva. Kuima ndi mwendo umodzi tinakutcha kakowa, poti akakowa amawaona tsiku ndi tsiku m'madambo a mpunga. Pothamanga timaika zitsekerero za mabotolo kumapeto kuti akatole chimodzi, abwerere, akatolenso china.

Timayamba m'mawa kwambiri chifukwa ikamakwana 9 koloko nthaka ya mwezi uno imawotcha mapazi.

Ndaona zinthu ziwiri. Kamnyamata kena kafupi, kamene kali pansi pa mzere wa msinkhu, kanadumpha kuposa onse a zaka zake. Miyendo yake ndi yolimba, kamaperekeza abale ake kubusa. Pomwe mwana wolemera kuposa onse, wa banja la okala pamsika, anathamanga kawiri n'kukhala pansi, akupuma movutikira. Amayi ake amanyadira thupi lakelo, ndipo anthu amawayamikira kuti akudyetsa. Sikelo imangophatikiza zonse pamodzi, mafupa, minofu, mafuta ndi madzi, n'kutipatsa nambala imodzi. Ana awiri olemera mofanana akhoza kukhala ndi matupi osiyana kotheratu. Makina oyezera mafuta a m'thupi tilibe, koma msinkhu, mkono ndi mtunda womwe mwana wadumpha, zikaikidwa pamodzi, zimatiuzako zomwe sikelo yabisa.

Chachiwiri ndi atsikana. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wa zaka zitatu mpaka zinayi azitakataka mphindi 180 pa tsiku, ndipo 60 mwa izo zikhale zothamanga mpaka kupuma mwamphamvu. Azigona maola 10 mpaka 13. Kuonera kanema kapena foni kusapitirire ola limodzi. Ndinkaganiza kuti ana akumudzi izi amazikwanitsa okha. Anyamata inde, ndi mpira wachikulunga ndi chipako. Koma atsikana angapo a zaka zisanu amabwera atabereka mng'ono wawo kumbuyo, ndipo anzawo akamasewera fulaye kapena jingo, iwo amaima pambali n'kumagwedeza khanda. Tayala mphasa pamthunzi, mlezi mmodzi azikhala ndi makanda nthawi yosewera kuti azichemwali awo amasuke.

Disembala

Kufunsa zakudya kwativuta kuposa kuyeza. Titafunsa amayi kuti mwana anadya chiyani dzulo, mayankho anali okoma mokayikitsa: phala lansinjiro, nsomba, zipatso. Aliyense anamvapo pa wailesi za magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndipo akudziwa yankho lomwe aphunzitsi akufuna. Sindikuwaimba mlandu, nanenso munthu atandifunsa pagulu sindinganene kuti ndiwo zinali mchere.

Tinasintha kafunsidwe. Timacheza ndi mayi mmodzi payekha, kuyambira pomwe mwana anadzuka: atasamba m'maso analawa chiyani, inu muli kumunda anali ndi ndani, anapita kwa agogo ake, kumeneko anampatsa chiyani. Kenako tajambula mabwalo asanu ndi limodzi pansi, la zokhutitsa, la zanyama, la zanyemba, la zamasamba, la zipatso ndi la zamafuta, mayi yekha n'kumaika mwala pomwe payenera.

Bwalo la zokhutitsa limadzaza tsiku lililonse. La zamasamba limapeza mwala kawirikawiri, nkhwani kapena mfutso. La zipatso mwezi uno ndi losefukira chifukwa cha mango, koma tikudziwa kuti likhala lopanda kanthu mango akatha. La zanyama, ngakhale tili pafupi ndi nyanja, limapeza mwala wa matemba awiri kapena atatu ogawana banja lonse. Sabata ino ngumbi zatuluka ndi mvula yoyamba ndipo ana akudya, zimenezonso timaziwerengera ku zanyama. La zamafuta nthawi zambiri ndi louma, mafuta ophikira anakwera mtengo.

Chomwe sindinkachiganizira ndi mbale. Makomo ambiri ana amadyera limodzi mbale imodzi. Wa zaka zitatu amatema mbamu imodzi pomwe mkulu wake wa zaka khumi watema zinayi, ndipo kansomba kamapita ndi wadzanja lachangu. Mayi amaona mbale yatha n'kuganiza kuti onse akhuta. Tawapempha kuti wamng'ono azimupakulira pakambale kake.

Za mazira, agogo ena anandiuza mosabisa kuti mwana wodya mazira amadzadwala khunyu. Sindinatsutsane nawo pagulu, ndaphunzira. Koma ambiri amene sapatsa ana mazira chifukwa chake si chimenecho: dzira ndi nkhuku ya mawa, kapena ndi ndalama ya sopo.

Palinso tizakudya ta m'mapaketi ndi mafirizesi zomwe zimagulitsidwa panjira yobwerera kusukulu. Kholo likapeza kandalama ka ganyu limagulira mwana posonyeza chikondi. Mwana wolemera uja amadya mapaketi awiri kapena atatu pa tsiku ndi zakumwa zotsekemera, phala lathu amalikana. Amene amagulitsa ndi mayi wamasiye yemwe mwana wake ali m'kalasi mwathu momwemo, choncho kumuthamangitsa si nzeru. Tamufunsa ngati angaonjezere nthochi ndi mbatata yophika pa lichero lake. Wati ayesa.

Januwale, sabata yachitatu

Phala laima. Lamulo lathu ndi loti khomo lililonse lizisonkha ufa pang'ono pa mwezi, koma chilala cha 2024, chomwe chinachititsa boma kulengeza mu Malichi chaka chimenecho kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinasiya nkhokwe zopanda kanthu. Anthu akudalira ganyu ndi chimanga chogula pa mbale. Sungapemphe ufa kwa munthu amene wagonera mango osapsa owiritsa.

Masiku asanu ndi atatu mphika sunakhale pamoto. Ana anatsika kufika pa theka. Amene amabwera saseweranso. Ndinajambula mizere ya achule monga mwa masiku onse, anadumpha kamodzi kawiri, kenako n'kukakhala tsonga kukhoma. Bwalo lomwe mu Novembala munthu sunkamva mnzako akulankhula linali zii. Mayeso a mphamvu a mwezi uno tawasiya. Si chilungamo kuuza mwana wanjala kuti athamange kuti ine ndilembe nambala.

Januwale, sabata yachinayi

Kuyeza kwachiwiri, ndipo ili ndi tsiku lomwe sindidzaliiwala.

Ana ambiri sanaonjezere kulemera, ena atsika, makamaka amene adwala malungo ndi kutsegula m'mimba. Koma mtsikana wina wa zaka zitatu ndi miyezi ingapo anakwera pafupifupi kilogalamu yathunthu. Ndinasangalala, ndinatsala pang'ono kuwayamikira agogo ake. Mlezi wathu wamkulu, amene walera ana asanu ndi mmodzi ake, anandigwira mkono nati: "Achemwali, mwezi wa njala uno mwana anganenepe ndi chiyani? Taonani mapaziwo."

Tinadina. Dzenje linatsala, phazi lamanja ndi lamanzere lomwe. Tsitsi linali litafiira n'kupyapyala, masaya atafufuma, mwana wosafuna kuseka. Kalamba ka mkono kanaonetsa pachikasu, pafupi ndi pobiriwira. Tikanadalira sikelo yokha tikanalemba kuti ndiye akuchita bwino kuposa onse. Mwana wa zaka zimenezi amaonjezera makilogalamu awiri pa chaka chonse, theka la kilogalamu pa miyezi itatu. Zomwe sikelo inawerenga anali madzi a kutupikana.

Agogo ake ankaganiza kuti ndi tsempho, ndipo anali atayamba kale kufunafuna mankhwala achikuda. Ndinagwada pafupi nawo: "Agogo, za kumudzi mukambirana akuluakulu, ine sindilowererapo. Koma lero lomwe tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani." Anavomera. Tinaimbira alangizi, anatilembera kalata, tinakwera kabaza. Kuchipatala anamuyesa ngati angathe kudya, anadya, ndiye anamulemba pa ndondomeko ya chiponde kuti azilandira ali kunyumba n'kumabwera kudzayezedwa.

Paketi ya chiponde ndi ya magalamu 92, muli mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Vuto lake ndi lokoma, ndipo pakhomopo pali ana ena anayi anjala. Kuwauza agogo kuti ichi ndi mankhwala a mwana mmodzi, enawo azingoyang'ana, ndi mawu olemera kuwatulutsa pakamwa. Tagwirizana kuti paketi ya m'mawa azidyera kuno kusukulu, ya madzulo kunyumba, ndipo abale ake awiri aang'ono tiziwapatsa phala likayambiranso ngakhale sali m'kaundula.

Kuyambira lero timadina mapazi a mwana aliyense Lolemba lililonse, osadikira miyezi itatu.

Febuluwale

Phala layambiranso, katatu pa sabata. Amayi a mpingo anasonkha chimanga, bambo wina wa komiti anapereka soya yemwe anasunga. Tikusakaniza ngati likuni phala: mbale zinayi za chimanga, imodzi ya soya wokazinga, kukagayitsa pamodzi osakonola. Soya akapanda kukazingidwa bwino phala limanunkha chiwisi ndipo ana amalisiya. Timathiramo bonongwe kapena chisoso chosinja, zomwe mwezi uno zangomera paliponse, ndi matemba osinja tikawapeza.

Mtedza womwe tinapatsidwa tinausankha umodziumodzi, ndipo wambiri tinataya. Wofota, wakuda ndi wachuku suyenera kulowa m'phala la ana, chuku chimenechi chili ndi poizoni yemwe sapsa ndi moto. Amayi ena anadandaula kuti tikutaya chakudya nthawi ya njala. Ndinawamvetsa, koma tinataya ndithu.

Amfumu atipatsa kamunda kuseri kwa sukulu. Tabzala mbatata yofiira mkati ya mtundu wa Kadyaubwerere, yomwe ili ndi vitamini A, mbewu yake tinapeza kwa alangizi a zaulimi.

Malichi, kumapeto

Mondokwa ndi maungu zapsa, phokoso labwerera pabwalo. Tachitanso mayeso a achule, akakowa ndi zitsekerero. Pafupifupi onse adumpha kutali kuposa mu Novembala, koma sindikufuna kudzinamiza kuti ndi phala lathu lokha. Akula ndi miyezi inayi, ndipo masewerowa awazolowera. Chomwe ndinganene motsimikiza ndi chomwe ndaona ndi maso: tsiku lomwe phala laphikidwa msanga, ana amasewera mpaka makolo kudzawatenga. Tasintha nthawi, tsopano amadya cha m'ma 9 koloko m'malo modikira 11, chifukwa ambiri amachoka kunyumba osalawa kanthu.

Atsikana obereka ana aja, chiyambireni kuyala mphasa ya makanda, awiri a iwo ndi amene akutsogola pa jingo. Mwana wa kuokala wayamba kumaliza maulendo onse anayi. Amayi ake anakhumudwa poyamba nditatchula za zakumwa zotsekemera, koma atamuona akutsalira anzake pothamanga anabwera okha kudzafunsa. Sitikumuchepetsera chakudya, mwana wokula samanidwa. Tangogwirizana kuti paketi ikhale ya apo ndi apo, ludzu azithetsa ndi madzi.

Mtsikana wotupikana uja waphwa. Poyamba kulemera kwake kunatsika madzi atachoka, agogo n'kuda nkhawa kuti chiponde chikumuwondetsa, koma tsopano akukwera ndi thupi lenileni. Dzulo anaima ngati kakowa, anagwa, anaseka.

Epulo

Kuyeza kwachitatu. Kulemera kwabwerera, mikono yonse ili pobiriwira. Msinkhu ndiye ayi. Ana onse atalikako, koma amene anali pansi pa mzere mu Okutobala akadali pansi pa mzere. Akukula motsatira kanjira kawo kapansi, osayandikira anzawo.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Miyezi isanu ndi umodzi yotola nkhuni, yopemphetsa ufa, yokazinga soya, ndipo nambala yomwe inandiyambitsa ntchitoyi sinasunthe.

Nditawadandaulira alangizi, anandiuza za kafukufuku yemwe anachitika m'boma lathu lomwe lino. A bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI ndi a Save the Children anatsatira sukulu za mmera mpoyamba 60 ku Zomba, zina n'kuzithandiza ndi mbewu, maphunziro a kaphikidwe ndi ulimi wa zakudya zakasinthasintha. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Ana a m'sukuluzo anayamba kudya zakudya zamitundumitundu, koma msinkhu wawo sunasinthe poyerekeza ndi a sukulu zinazo. Amene anasintha ndi ang'ono awo, a miyezi 6 mpaka 24, amene sanali ngakhale m'kaundula: kupinimbira kunachepa pakati pawo. Zomwe amayi anaphunzira pa mphika wa kusukulu anakaziphika kunyumba, ndipo zinapeza wakhanda nthawi ikadalipo. Msinkhu umaumbidwa kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana kukwanitsa zaka ziwiri. Akamafika kwa ife ali ndi zaka zitatu, mbali yaikulu inachitika kale.

Ndinakumbukira mphasa ija ya pamthunzi. Miyezi yonseyi makanda akhala akugona mamita ochepa kuchokera pa thabwa loyezera, ife n'kumawaona ngati chosokoneza masewero a azichemwali awo. Sitinayezepo ngakhale mmodzi.

Izi sizikuchotsa phindu la phala kwa akuluakuluwa. Mu Januwale ndinaona bwalo lopanda phokoso, ndipo ndikudziwa chimene chinalibwezeretsa. Mwana wokhuta amamva zomwe ukuphunzitsa, amathamanga, amalimba minofu, ndipo wotupikana timamupeza msanga. Kungoti ndinkayembekezera kuti thabwa lindionetsa chinthu chomwe pa ana a zaka zimenezi silionetsa kawirikawiri.

Meyi, sabata yachiwiri

Komiti yakumana Loweruka, amfumu analipo. Tagwirizana zosintha. Tsiku loyeza, mayi azibwera ndi wakhanda yemwe. Osakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona, choncho alangizi abwera Lachinayi kudzatiphunzitsa kugoneka thabwa ndi kuwongola mawondo a khanda popanda kulipweteka. Amayi oyembekezera nawonso aitanidwa.

Kuphika phala kwakhala kwa amayi awiri omwewo chaka chonse. Tsopano tizisinthana makomo onse, awiriawiri, kuti aliyense agwire yekha mthiko, aone muyezo wa soya, aone kuti phala la mwana liyenera kukhala lolimba loti likhale pa supuni, osati lamadzi longoyenderera. Abambo atatu alembetsa nawo, mmodzi ndi mwamuna wa mayi uja ndinamulakwira mu Novembala. Mayiyo ali ndi khanda la miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi amene anafunsa pamsonkhano ngati nsinjiro zingathiridwe m'phala la mwana woyamba kumene kudya. Alangizi anati inde, bola zikhale zosalala ndi za mtedza wosankha.

Kusonkha kwa chaka chino tikuchita pano anthu akukolola, osadikira mwezi ndi mwezi. Chimanga, nandolo akadzacha, mtedza ndi soya tizisunga m'matumba osalowa mpweya kunyumba kwa msungichuma, ndipo matumba awiri tawalemba ndi makala kuti Januwale ndi Febuluwale, asatsegulidwe zivute zitani. Masamba a nkhwani ndi khwanya tayamba kufutsa. Mbatata tikumba mwezi wamawa, ndipo mbewu yake tigawira khomo lililonse lomwe lili ndi dimba.

Chotsalira ndi thabwa lathulathu, chifukwa la alangizi limazungulira midzi yambiri. Kalipentala wa pamsika wati atipangira tikamupezera tepi yachitsulo yoti akhomerepo, ndipo alangizi adzaliyerekeza ndi lawo tisanayambe kuligwiritsa ntchito. Kuyeza kotsatira ndi sabata yachiwiri ya Julayi, sukulu isanatsekere. M'kope ndajambula kale mizere ya tsamba latsopano la makanda, ndipo maina alembedwamo 17.